Kodi "nice" ankatanthauzadi chitsiru? Yankho kwa aphunzitsi a ku Kasungu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina m'boma la Kasungu. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake nayi. Akuti iwo ali pasukulu, aphunzitsi awo ankadula mawu akuti "nice" paliponse pomwe awapeza m'chimangirizo, ndipo lero nawonso amatero kwa ana awo. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anafunsa chifukwa chake, iwo n'kumuyankha zomwe anamvapo kalekale, zoti tanthauzo lenileni la mawuwa ndi "chitsiru". Mtsikanayo sanagonje. Anati: ndiye kuti Azungu akamauzana kuti "nice to meet you" amakhala akutukwanana? Kalasi yonse inaseka, aphunzitsi n'kusowa pogwira. Tsono akufunsa ngati nkhani ya chitsiruyi ndi yoona, komanso ngati apitirize kudula mawuwa kapena aleke.

Aphunzitsi, zikomo polemba. Simunaname ayi. Zaka 700 zapitazo, munthu wa ku England akanenedwa kuti ndi "nice" kunali kumunyoza kuti ndi wopepera. Koma mwanayo nayenso anafunsa zanzeru, chifukwa komwe mawu anachokera n'kwina, zomwe akutanthauza lero n'zina. Kudulako mukhoza kupitiriza, koma chifukwa chomwe munapereka musinthe. Kuti mupeze chifukwa chabwinoko, tiyeni tiwatsate mawuwa ulendo wawo wonse.

Gwero lake ndi Chilatini, "nescius", munthu wosadziwa. Kachigawo koyambako, "ne", n'kokana, pomwe "scire" ndi kudziwa, komwenso kunachokera "science" amene ana anu akulimbana naye. Zinenero zingapo zobadwa ku Chilatini zinawasunga mawuwa osawasintha kwenikweni. M'Chipwitikizi "néscio" akadali munthu wopusa mpaka lero, ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anawerenga mabuku ambiri m'chinenerochi akhoza kuvomereza. M'Chisipanishi "necio" n'chimodzimodzi. M'Chifalansa chakale anafupika n'kukhala "nice", munthu wosachangamuka. A Norman, anthu ochokera kumpoto kwa France, atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba yachifumu, cha m'makhoti ndi cha anthu olemera kwa zaka pafupifupi 300, ndipo mawu ambirimbiri anawolokera m'Chingerezi. Pofika cha m'ma 1300 "nice" anali atalowa kale. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa ku England yemwe anamwalira mu 1400, akalemba kuti munthu ndi "nyce" nthawi zambiri ankatanthauza kuti m'mutu mwake simukuyenda bwino. Mwana wina akadzakufunsani za mzinda wa Nice wa ku France, mudzamuuze kuti palibe ubale: dzinalo anaupatsa ndi Agiriki, Nikaia, kuchokera kwa Nike, mulungu wawo wamkazi wa chipambano.

Chovuta n'chakuti anthu akamafotokoza nkhaniyi amalumpha kuchoka pa chitsiru n'kukatera pa "wabwino", ngati kuti Angerezi anangodzuka tsiku lina n'kutembenuza mawu. Sizinayende choncho. Panali masitepe, ndipo lililonse n'lomveka.

Uchitsiru uli ndi mitundu. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 mawuwa anayamba kukakamira pa mtundu umodzi: wa munthu wokonda zosangalatsa thupi, wovala modzionetsera, wofewa, wosapirira zowawa. Kuchoka apo n'kufika pa munthu wosankha. Mukumudziwa munthu wotere. Mwamuikira chakudya, iye wayamba wanunkhiza, n'kukankhira nyama yamafuta m'mbali mwa mbale, n'kufunsa ngati madzi osamba m'manja anali otentha. Kwa anthu amene chakudya amachipeza movutikira, ameneyu ndi chitsiru chenicheni. Koma kwa anthu olemera, amene amapikisana pa ulemu ndi makhalidwe apamwamba, munthu yemweyo ndiye wodziwa zinthu, wa lilime lozindikira vinyo wabwino ndi woipa. Khalidwe silinasinthe. Anasintha ndi amene akuliweruza. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe mawuwa anakhota, ndipo zina zonse zinangotsatira.

Kuchoka pa munthu wosankha, mawuwa anatenga njira ziwiri. Ina inapita ku ntchito yosamalitsa: muyeso wosaphonya ngakhale pang'ono, kusiyanitsa zinthu ziwiri zofanana kwambiri. Tanthauzo limeneli linali litakhazikika m'zaka za m'ma 1500. Inayo inachoka pa munthu n'kupita pa chinthu chomwe wasankhacho. Ngati munthu wovuta kumukondweretsa wavomera chakudya, ndiye kuti chakudyacho n'chokonzedwa bwino, chokoma. Kuchoka pa chakudya chokoma kufika pa chilichonse chosangalatsa si patali.

Matanthauzo onsewa ankakhalira limodzi, latsopano osathamangitsa lakale. N'chifukwa chake akatswiri olemba Oxford English Dictionary anavomera kuti m'zolemba zambiri za m'ma 1500 ndi 1600 n'kovuta kudziwa tanthauzo lomwe wolemba ankafuna. Ambiri a ife tinawerenga Romeo and Juliet ku sekondale, ndipo muli malo awiri oti mukhoza kuwaonetsa ana anu mawa lomwe. Chakumapeto kwa sewerolo, Friar John akubwerera ndi kalata yomwe amayenera kukapereka kwa Romeo ku Mantua, atatsekeredwa m'nyumba chifukwa choganiziridwa kuti wakumana ndi mliri. Friar Laurence akudandaula kuti "The letter was not nice, but full of charge." Mwana wa lero akawerenga aganiza kuti kalatayo inali yamwano. Wansembeyo akunena zina: kalatayo sinali ya nkhani yachabechabe, inali yonyamula moyo wa anthu. M'sewero lomwelo Benvolio, pofotokoza za imfa ya Tybalt, akuti Romeo anayesa kumuonetsa Tybalt kuti mkanganowo unali "nice", kutanthauza wosafunika kumenyerana. Uku ndi kununkhira kwa uchitsiru wakale uja, kusanatheretu.

Samuel Johnson atatulutsa mtanthauziramawu wake mu 1755, anaika patsogolo tanthauzo la kusamalitsa, munthu woweruza zinthu mpaka pa kakang'ono kwambiri, nthawi zina mopyola muyeso. Koma pomwe iye ankalemba zimenezi, pakamwa pa anthu mawuwa anali akusuntha kale. Cha m'ma 1760 anayamba kuoneka m'zolembedwa ndi tanthauzo la "chosangalatsa", ndipo pofika cha m'ma 1830 ankanenedwa kwa munthu wokoma mtima.

Umboni wokoma kuposa wonse wa nthawi imeneyi uli m'buku la Jane Austen lotchedwa Northanger Abbey, lomwe analilemba cha m'ma 1798 ndi 1799 koma linatuluka mu December 1817, iye atamwalira kale. Ndikhalitsapo pang'ono chifukwa zomwe zinachitika m'kalasi mwanu zili momwemo. Achinyamata atatu akuyenda pa phiri la Beechen Cliff, pamwamba pa mzinda wa Bath: Catherine Morland wa zaka 17, Henry Tilney yemwe ndi m'busa wophunzira bwino, ndi mlongo wake wa Henry, Eleanor. Catherine akufunsa Henry ngati buku lina la nkhani zoopsa lomwe akulikonda silili "the nicest book in the world". Henry akunamizira kusamva. Akuti mwina ukutanthauza laudongo kuposa onse, ndiye zitengera m'mene analimatira chikuto. Catherine akudabwa: bukulo ndi labwino, nanga ndilakwa chiyani kulitchula choncho? Apo Henry akuyamba kumuseka, kuti lero ndi tsiku la "nice", tikuyenda ulendo wa "nice", ndipo inu ndinu atsikana awiri a "nice". Akumaliza ndi mawu omwe mphunzitsi aliyense wa Chingerezi wawanenapo mwanjira yake: "It does for everything." Amagwira paliponse. Eleanor ndiye akuleretsa. Anali atachenjeza kale Catherine kuti asinthe mawuwo msanga, kupanda kutero amva za Johnson njira yonse, ndipo pamapeto akuuza mlongo wake kuti iye ndi "more nice than wise". Apa wagwiritsa ntchito tanthauzo lakale lija, la munthu wosankhasankha, kubaya nalo mwini wake amene amaliteteza.

Onani bwino chomwe Henry akudandaula. Sakunena kuti tanthauzo lenileni ndi chitsiru. Zimenezo m'nthawi yake zinali zitaiwalika. Kwa iye tanthauzo "lenileni" ndi kusamalitsa, lomwe analipeza m'mabuku ali mwana. Munthu wa m'nthawi ya Chaucer akanamumva akanati nayenso Henry akuwononga mawu. M'badwo uliwonse umayesa kuti tanthauzo lomwe unalipeza ndilo loyambirira, ndipo kuwonongeka kunayamba ndi ana awo.

Patapita zaka zopitirira 100, H. W. Fowler, yemwe anakhala mphunzitsi kwa zaka zambiri asanayambe kulemba mabuku a chinenero, anabwereza dandaulo lomweli mu A Dictionary of Modern English Usage ya 1926. Iye mlandu anawukankhira kwa amayi, akuti anawakonda kwambiri mawuwa mpaka kuwachotsa mchere wonse, n'kutsala ongofalitsa kakukoma kosadziwika bwino. Zoloza amayi chalazo sindikugwirizana nazo. Nthawi zonse chinenero chikamasintha olakwa amakhala atsikana ndi amayi, chonsecho abambo akuyankhula zomwezo. Koma buku la Fowler linali ndi mphamvu kwambiri pakati pa aphunzitsi ndi akonzi a nyuzipepala, ndipo Chingerezi cha m'masukulu athu chinabwera ndi aphunzitsi a ku Britain ndi mayeso a Cambridge. M'maganizo mwanga, cholembera chofiira cha aphunzitsi anu chija chinadzera njira imeneyo: anachilandira kwa amene anawaphunzitsa, lamulo n'kufika koma chifukwa chake n'kutsalira m'njira. Nthano ya chitsiru inangobwera kudzatseka mpata.

Ana anu akafuna umboni wina woti mbiri si tanthauzo, apatseni "silly". Ameneyu anayenda chobwerera m'mbuyo. M'Chingerezi chakale ankatanthauza wodala, monga "selig" wa m'Chijeremani amene akadali choncho. Kenako anakhala wosalakwa, kenako womvetsa chisoni, kenako wofooka, mpaka wopusa. Ngati tanthauzo loyamba ndilo lenileni, mwana woitana ahedi kuti "silly" ndiye kuti wawadalitsa. Musamulole ayesere.

Nanga kuyamika kwa "nice" kunafooka bwanji? N'chimodzimodzi mpeni wa pamudzi womwe aliyense amabwereka. Uyu wasendera chinangwa, uyo wadulira nsungwi, wina watsegulira chitini, ndipo ngakhale palibe amene anafuna kuuwononga, pamapeto sudula kanthu. Mawu oyamika amakhala ndi mphamvu ngati pali zinthu zina zomwe sangagwirepo. Akagwira pa nyengo, nsapato, maliro oyenda bwino, mkazi wa bwana ndi nyimbo ya kwaya, ndiye kuti sakunenanso za chinthucho. Akungonena kuti woyankhulayo alibe chidandaulo. Zomwezi zachitikira "awesome", amene m'zaka za m'ma 1600 ankanena za zinthu zogwetsa mantha ngati ukulu wa Mulungu, koma lero ku America ungamumve chifukwa choti wapereka ndalama zokwanira osafuna chenji.

Chaka cha 1946 chimaonetsa bwino m'mene mawuwa anagawikira. Mu January chaka chimenecho George Orwell analemba nkhani m'nyuzipepala ya Evening Standard ya ku London yotchedwa "A Nice Cup of Tea", yopereka malamulo 11 a kaphikidwe ka tiyi. Nkhondo inali itangotha, tiyi ankagulidwabe mwa muyeso wa boma, ndipo "nice" wa m'mutu wa nkhaniyo ndi wa chitonthozo, wa munthu wolowa m'nyumba kuchokera kozizira. Mngerezi akakufunsa ngati ukufuna "a nice cup of tea" sakulonjeza kuti tiyiyo ndi wapamwamba, akukuuza kuti khala pansi, upume. Chaka chomwecho ku New York, Leo Durocher, kochi wa timu ya baseball ya Brooklyn Dodgers, ankacheza ndi atolankhani za timu ya New York Giants ndi kochi wawo Mel Ott. Anati onsewo ndi anyamata a "nice", koma taonani komwe ali, kumunsi kwa ligi. Mawu ake anawafupikitsa n'kukhala "nice guys finish last", ndipo a Giants anamalizadi kumchira chaka chimenecho. Apa "nice" ndi munthu wofatsa mopusa, wopondedwa ndi aliyense. Zimandiseketsa kuti patatha zaka 600 mawuwa anakafikanso pafupi ndi pomwe anachokera, ngakhale Durocher sankaganiza za Chilatini.

Lero tanthauzo lake limadalira kwambiri kamvekedwe ka mawu ndi malo. Amalawi amene ali ku Britain amaziphunzira izi mochedwa. Mnzako wakuntchito ukamuonetsa diresi latsopano iye n'kuti "Oh, that's nice" mawu akutsika, maso ali pa foni, dziwa kuti sanalione n'komwe. Mtsikana akafunsidwa za mnyamata amene anapita naye kokadya, n'kuyamba wapuma kaye asananene kuti "He's nice", anzake amamva kuti ulendo wachiwiri kulibe. Wina ukamuponda phazi m'basi iye n'kuti "Nice!", usathokoze. Komabe munthu akamenya mpira wokhota n'kulowa pakona ya golo, mnzake n'kukuwa "Nice!", kumeneko ndi kuyamika kochokera pansi pa mtima. Ndiye pali "nice and warm", "nice and slow", pomwe mawuwa sakuyamika chilichonse, akungotsindika kuti kutenthako kapena kudekhako kwafika poyenera. "Nice to meet you" uja wa mwana wanu ali m'gulu la moni basi. Palibe amene amamuyeza ngati ndi woona.

Ifenso tawatola. Tsegulani Facebook pomwe wina waika chithunzi cha pa chinkhoswe. Mkwatibwi wavala chitenje chosokedwa mwaluso, azakhali ake akuvina kumbuyo, mwana wagona pa mpando ndi botolo la Fanta m'manja. Pansi pake: "nice pic", "nice one", "nyc", mizere yambirimbiri. Palibe ndi mmodzi yemwe watchula chitenjecho kapena mwanayo. Ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa ntchito ya mawuwo pamenepo si kufotokoza chithunzi. Ndi kunena kuti ndadutsa, ndakuona, tikadali limodzi. Pa ntchito imeneyo mawu obuntha ndiwo abwino, popeza sabaya munthu. Anthu amene amati "nice" ndi mawu akufa amaiwala kuti tsiku lililonse timafuna mawu oti tiyankhe mwaulemu popanda kulowa m'nkhani.

Chimangirizo ndiye nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe mwana uja mungamuyankhe. Polemba palibe kamvekedwe ka mawu, palibe nkhope. Wowerenga ali ndi pepala lokha. Mwana akalemba kuti "We had a nice journey to Salima", simudziwa ngati basi inali yosadzaza, ngati anaona nyanja koyamba, kapena ngati anakhala pafupi ndi munthu amene amamufuna. Iye akudziwa, koma wabisa zonsezo m'mawu amodzi. Mlandu wa "nice" ndi umenewu, ulesi wosafuna kuyang'ana chinthu n'kuchitchula. Si mwano, si Chingerezi chothyoka.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chomwe ndimachiona kawirikawiri. Mukangoletsa osafotokoza, ana amathamangira ku mndandanda wa mawu ofanana n'kuika "splendid" kapena "marvellous" pamalo pomwepo. Zikatero vuto silinathe, langovala suti. "A splendid journey to Salima" sakukuuzani kanthu kuposa poyamba paja, ndiponso akumveka ngati kalata ya DC wa nthawi ya atsamunda. M'malo modula, lembani m'mphepete kafunso kakafupi: "How?" Mwanayo akakakamizika kuyankha, atulutsa chiganizo cha nsomba zoyanikidwa pa thandala kapena cha kondakitala amene anaiwala kutolera ndalama, ndipo "nice" achoka yekha. Koma ngati mwana akulemba zokambirana za anthu awiri, musamudule. Anthu amayankhula choncho, ndipo mwana amene wazimva n'kuzilemba ali ndi khutu labwino.

Ana anu amene adzapite ku yunivesite, makamaka ochita zamalamulo, muwauziretu kuti tanthauzo la Johnson lija silinafe. Woweruza akalemba kuti nkhaniyi ili ndi "a nice point of law" kapena "a nice question", sakusangalala nayo. Akunena kuti mfundoyo ndi yopyapyala, yovuta kugamula, yoti mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira. "A nice distinction" ndi kusiyana kochepetsetsa komwe munthu wothamanga sangakuone, ndipo "legal niceties" ndi timfundo ting'onoting'ono ta malamulo tomwe loya wochenjera amapulumutsira nato munthu wake. Wophunzira wongodziwa "nice" wa pa Facebook akhoza kuwerenga chigamulo chonse n'kuganiza kuti woweruza akuyamikira loya, pomwe akumuuza kuti mlandu wake walendewera pa ulusi.